Dzimbiri la pa chibangili musalikweche

Ndikauza anthu kuti ntchito yanga ndi yofukula zinthu zamakedzana, ambiri amayamba kufunsa za golide. Za nsanza safunsa. Chonsecho kachigamba kochepa ngati chikhadabo ndi kamene ndimakafunitsitsa kuposa mikanda ndi mapale.

Chaka china ndili kwa Khombedza ku Salima, bambo wina woumba njerwa adanditengera kunyumba kwake. "Achimwene, taonani zimene ndapeza m'dzenje," adatero uku akutambasula kansalu. Zinali zibangili zitatu zamkuwa, zonyezimira mbee. Adazikwecha ndi mchenga ndi mandimu kuti zioneke bwino pamaso pa alendo. Ndidamuthokoza, pakuti adachita izi ndi mtima wabwino, koma m'kati ndidamva kuwawa. Ngati mwini zibangilizo adaikidwa atafundikidwa chovala, umboni wake udapita ndi madzi otsukirawo.

Makolo athu ankavala zikopa, chiwondo chosulidwa kuchokera ku khungwa la mombo, komanso nsalu yathonje yoomba pamanja. Zonsezi nthaka yathu siizisunga. Chinyezi cha m'mbali mwa nyanja, kutentha ndi chiswe zimamaliza chikopa kapena khungwa m'zaka zochepa. Nsalu imapulumuka pokhapokha pali china choletsa tizilombo towoletsa.

Ku Pazyryk, m'mapiri a Altai ku Siberia, chidateteza ndi chisanu. Madzi adalowa m'manda n'kuundana gwaa, ndipo Sergei Rudenko pofukula kumeneko mu 1949 adapeza zovala zaubweya ndi nsalu za felt za zaka zoposa 2,300, mitundu yake ikuonekabe. Felt saomba. Amanyowetsa ubweya wa nkhosa n'kuupsinja mpaka ulumane wokha. Ine ndikaiona ndimakumbuka chiwondo chathu, chimenenso sichidziwa ulusi.

Kuno chisanu chotere kulibe. Chimene tili nacho ndi mkuwa. Ku Ingombe Ilede, pafupi ndi mtsinje wa Zambezi ku Zambia, manda amene adapezeka mu 1960 anali ndi anthu ovala zibangili zamkuwa zambirimbiri, ndipo pamene nsalu idagunda mkuwa, tizidutswa ta thonje ndi ta khungwa tidatsala patadutsa zaka pafupifupi 500. Mkuwa ukamachita dzimbiri lobiriwira umatulutsa mchere umene umapha tizilombo, ndipo ulusi woyandikana nawo umamatirira momwemo.

Kachidutswa kotero timakaika pa maikulosikopu. Ulusi wa thonje umaoneka wophwatalala ndi wopindikapindika, pamene ubweya uli ndi mamba onga a nsomba, osiyana malinga ndi nyama yake. Timayang'ananso mbali imene woupota adapotolozera, kumanja kapena kumanzere, ndi kuwerenga ulusi pa sentimita imodzi. Wokhuthala umaloza ku manja a kwathu konkuno, wosalala kwambiri ukhoza kukhala wa amalonda ochokera kugombe la nyanja ya mchere. Alimi a thonje a ku Salima ayenera kudziwa kuti mbewuyi inkapotedwa kuno Azungu asanafike.

Tsono mukapeza chitsulo chobiriwira pokumba chimbudzi kapena pofukula dothi la njerwa, musachitsuke, musachipake mafuta. Ngati n'kotheka chisiyeni pomwepo, muchijambule ndi foni, muchiphimbe kuti mvula isachinyowetse. Mukatero uzani amfumu, iwo adziwitse ofesi ya DC kuti uthenga ufike ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, pakuti lamulo la Monuments and Relics Act limafuna kuti boma lidziwitsidwe.