Buku likasowa mulaibulale ya koleji, limakhala latsakamira pati?

Wophunzira akafunsa buku n'kuuzidwa kuti "mulibe", amabwerera poganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Kaya ali pa Karonga TTC kapena akuchita maphunziro akutali a Mzuni, ayenera kudziwa kuti bukulo lili ndi njira yoliitanitsira.

Papepala zonse n'zolongosoka. Aphunzitsi amalemba mabuku ofunika pa phunziro lawo, mkulu wa dipatimenti amasayina, woyang'anira laibulale amaona ngati bukulo lilipo kale, ngati ndi latsopano, ndi kuchuluka kwa olifuna.

Povuta m'pogula. Koleji ya boma siingolowa m'sitolo ndi ndalama m'manja. Malamulo a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, amafuna kuti pempho lidutse kukomiti yogula katundu, ndipo kawirikawiri pamafunika makotesheni atatu. Nanga ogulitsa mabuku a kukoleji atatu muwapeza kuti pa Karonga boma? Mabuku ambiri amasindikizidwa ku South Africa, India kapena Britain, choncho wogulitsa amadikira madola kubanki. Podzafika tsiku loti komiti ikumane, poti mamembala amakhala ali kumisonkhano ina, kotesheni imakhala itatha ntchito. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ya mabuku 10 inatsala yongokwana pafupifupi 7.

Mpata wotsalawo amatseka ndi mabuku a mphatso. Moto utapsereza laibulale ya Mzuni mu Disembala 2015, mphatso zinathandizadi. Koma wopereka ndiye amasankha, ndipo n'zopweteka kuti mwana wa kwa Kyungu apeze mbiri ya America yodzaza shelefu, pomwe buku la Owen Kalinga la 1985 lofotokoza ufumu wa Angonde achite kulisaka. Majenale a pa intaneti amabwera kudzera ku MALICO, mgwirizano wa malaibulale womwe unayamba mu 2003, koma bando ndi fotokope zimatuluka m'thumba la wophunzira.

Musangodandaula pakauntala. Lembani mutu wa buku, mlembi, chaka ndi nambala ya ISBN, musonkhanitse mayina a anzanu olifuna, aphunzitsi asayine. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, ndiye pempho lifike miyezi ingapo bajeti isanatsekedwe. Sungani kope, ndipo pobwerera mufunse kuti pepalalo lili pa desiki ya ndani.