Phazi likayamba kukwakwaza pansi: mkuwa ndi matenda akumtundu

Mnyamata akayamba kupunthwa panjira yosalala, patapata n'kumavuka yekha, miyendo n'kumaonda kuchokera m'maondo kutsika, anthu a m'midzi ya ku Edingeni, Embangweni kapena Champhira sachedwa kunena kuti waponda mankhwala. Zimafika poipa akakumbukira kuti amalume ake ankayendanso chomwecho. Koma madokotala amadziwa gulu la matenda akumtundu amene amafoola pang'onopang'ono mitsempha yolamulira minofu, ndipo amodzi mwa iwo gwero lake ndi mkuwa.

Thupi la munthu wamkulu limafuna mkuwa wosakwana miligalamu imodzi patsiku, ndipo timaupeza mu nyemba, mtedza, soya ndi chiwindi. Umathandiza kupanga magazi, kulimbitsa mafupa komanso kupatsa mphamvu ubongo ndi mitsempha. Komatu mkuwa suyenda wokha. M'maselo muli puloteni yotchedwa ATP7A, imene imagwira ntchito ngati wakabaza: imanyamula mkuwa kuchokera m'matumbo kupita m'magazi, n'kukautulanso pamene ukufunika m'kati mwa selo. Malangizo opangira puloteniyi ali mu jini imene timatengera kwa makolo.

Jiniyo ikawonongeka kwambiri, mwana wamwamuna amadwala matenda a Menkes, amene dokotala John Menkes anawafotokoza mu 1962. Khanda limabadwa looneka bwino, koma pakatha miyezi iwiri kapena itatu limayamba kukomoka ndi kulobodoka, tsitsi lake n'kukhala lotuwa, lopotana ndi losachedwa kuthothoka. Ambiri sakwanitsa zaka zitatu, ngakhale kuti jakisoni wa mkuwa woyambidwa m'masabata oyambirira amathandiza ena.

Mu 2010, gulu la akatswiri lomwe munali Marina Kennerson wa ku Sydney ndi Stephen Kaler wa ku America linapeza zodabwitsa m'mabanja awiri aakulu. Jini yomweyo inali ndi vuto laling'ono, ndipo amuna a m'mabanjawo analibe matenda a Menkes. Nzeru zawo zinali zabwinobwino, koma mapazi, kenako manja, ankafooka pang'onopang'ono, ena kuyambira ali ana, ena atakula. Mkuwa m'magazi mwawo unalipo wokwanira kapena wotsikirapo pang'ono chabe. Chovuta chinali kuufikitsa pamalo ake m'mitsempha italiitali yochokera kumsana kukafika kuphazi. N'chifukwa chake kungodya chakudya cha mkuwa wambiri kapena kuvala chibangili cha mkuwa sikuchiza matendawa.

Jini ya ATP7A ili pa kromozomu X. Mkazi ali ndi ma X awiri, choncho imodzi ikavuta inayo imaphimba, ndipo kawirikawiri iye sadwala. Mwamuna ali ndi X imodzi yokha, yochokera kwa mayi ake. Mayi akakhala ndi jini yovutayo, mwana wamwamuna aliyense ali ndi mwayi wa theka woitenga. Bambo wodwala sapatsira ana ake aamuna, koma ana ake aakazi onse amaitenga.

Apa m'pofunika kusamala, makamaka kuno ku Mzimba kumene mkazi amalowoledwa ndipo ana amawerengedwa kuchimuna. Mfundo yakuti matendawa amadzera kwa mayi isakhale ndodo yomukwapulira kapena chifukwa chomubwezera kwawo. Palibe amene amasankha majini ake. Mayiyo anaitenga kwa bambo kapena mayi ake, ndipo nthawi zina vutolo limangoyambira mwa mwanayo. Koma matenda ena a mkuwa, otchedwa Wilson, amene mkuwa umaunjikana m'chiwindi ndi mu ubongo, amadza pokhapokha makolo onse awiri atapereka jini ina yovuta, ndipo awa ali ndi mankhwala.

Matenda onsewa ndi osowa kwambiri. Kufooka kwa miyendo kumabweranso ndi shuga, khate, mowa, HIV, TB ya msana kapena mankhwala ena, ndipo zambiri mwa izi n'zochizika. Mwana wosakwana zaka 15 akalobodoka mwendo mwadzidzidzi, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti poliyo inapezekanso ku Lilongwe mu 2022.

Kufooka kukakhala kwapang'onopang'ono, yambirani kuchipatala cha boma cha Mzimba kapena cha mishoni cha Embangweni, kumene angakutumizeni ku Mzuzu Central Hospital. Auzeni achipatala za abale onse amene ankayenda movutika, akuchimuna ndi akuchikazi omwe. Mankhwala obwezeretsa mitsempha yotereyi sanapezeke, koma mafizo, chitsulo kapena pulasitiki yogwiriziza phazi, ndi nsapato zoyenera zimathandiza munthu kupitiriza sukulu, kulima ndi kulera banja lake. Ndalama zimene zikanathera kwa asing'anga ndi pamilandu ya ufiti zigwire ntchito imeneyo.