Pampu ya m'thanki pa galimoto ya dizilo

Galimoto za dizilo zimene zimayenda mu msewu wa M12, wochokera ku Lilongwe kudutsa pa Kamwendo ndi pa boma la Mchinji mpaka ku chipata cha Mwami, nthawi yokolola zimapatukira m'misewu yafumbi ya m'midzi ya ku Mkanda ndi ku Kapiri kukatenga fodya, mtedza ndi soya. Kuyambira mu 2022, pamene mafuta anayamba kusowa kawirikawiri chifukwa cha kuchepa kwa ndalama zakunja, eni galimoto ambiri anazolowera kuyenda ndi thanki yotsala pang'ono kuuma komanso kuthira dizilo wa m'zigubu, ndipo chipangizo chimene chimayamba kuvutika ndi khalidwe limeneli ndi pampu ya m'thanki.

Injini ya dizilo yamakono imadalira pampu yaikulu yokhala pa injini pomwepo, imene imapanikiza mafuta mpaka ma bar 1,600 kapena kuposa apo, manozo asanawapopere m'kati mwa injini. Bar ndi muyeso wa mphamvu yopanikizira, ndipo tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa ma bar awiri ndi pang'ono basi. Pampu ya m'thanki ndi kamota kamagetsi komizidwa m'dizilo, kamene ntchito yake ndi kukankhira mafuta ku sefa ndi ku pampu yaikuluyo kuti isameze mpweya, ndipo dizilo yemweyo ndiye amakaziziritsa ndi kukafewetsa. Nchifukwa chake pampu yoyenda m'thanki youma imatentha n'kutha msanga.

Si galimoto iliyonse imene inapangidwa ndi pampu yotere. Land Rover ya injini ya Td5 ili nayo, ndipo imakankha pafupifupi ma bar anayi, pamene Toyota Hilux ya injini ya 2KD imadzikokera yokha mafuta ndipo ili ndi kapampu kopopa ndi dzanja pamwamba pa sefa. Apa ndi pamene pamafunika kusamala pogula, pakuti mapampu a petulo ndi a dizilo amafanana maonekedwe, koma pampu yokankha mopitirira muyeso imaphulitsa mphira za sefa ndi kusokoneza pampu yaikulu, imene mtengo wake umaposa wa pampu ya m'thanki kangapo.

Posintha pampu ya m'thanki, makaniko wodziwa ntchito amayamba wachotsa waya wa negetivu pa batire, kenako amatsitsa thanki, ndipo asanatsegule chivundikiro chake amatsuka fumbi lonse lozungulira. N'zoona kuti dizilo sayaka msanga ngati petulo, koma wa m'zigubu nthawi zina amakhala wosakaniza ndi parafini kapena petulo, choncho moto, ndudu ndi makina owotcherera zitsulo siziyenera kuyandikira. Madzi, dzimbiri ndi matope a pansi pa thanki ziyenera kuchoka, kasefa ka kukamwa kwa pampu kakhale katsopano, ndipo kapaipi kolumikiza pampu ndi chivundikiro kakhale ka mtundu wopangidwira kumizidwa m'mafuta, chifukwa paipi wamba amafufuma ndi kusweka.

Gawo limene ambiri amalichita mwachidule, ngakhale ndilo lalikulu, ndi la mawaya. Pampu imakoka ma amp asanu mpaka khumi (amp ndi muyeso wa kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya), ndipo magetsi otere sayenera kudutsa pa switchi ya kiyi kapena kubedwa pa waya wa nyali. Amadutsa pa rile, kabokosi kamene kamalola magetsi ochepa kutsegulira njira magetsi ochuluka, ndipo timiyendo take tinayi tili ndi manambala. Kamwendo ka 30 kamalandira waya wochokera ku pozitivu ya batire, wodzera pa fyuzi ya ma amp 15 kapena 20 yoikidwa pafupi kwambiri ndi batireyo, kuti waya akakhudzana ndi chitsulo penapake, ipse ndi fyuzi, galimoto isagwire moto. Ka 87 kamapita ku pampu, ka 86 kamalandira magetsi ochepa ochokera ku kiyi kapena ku kompyuta ya injini, ndipo ka 85 kamapita ku negetivu. Popeza thanki ili kutali ndi batire, waya wa pampu amafunika wonenepa, wa 2.5 mm² kapena kuposa, ndipo wa negetivu amangidwe ndi bauti pa chitsulo cha chasisi chopalidwa penti ndi dzimbiri. Waya wowonda, kapena wongopotedwa ndi zala n'kukulungidwa tepi, amadya magetsi panjira, moti pampu yofuna ma volt 12 imalandira 10, n'kumayenda mofooka uku ikutentha, ndipo m'misewu ya mabampu mfundo zotere sizichedwa kumasuka.

Chodetsa nkhawa kwambiri ndi pampu yolumikizidwa moti imayenda nthawi yonse kiyi ali wotsegula, pakuti pa ngozi paipi ikaduka, imapitiriza kukhuthulira dizilo pa injini yotentha anthu ali m'kati. Opanga galimoto amapewa zimenezi poipatsa kompyuta mphamvu yozimitsa pampu injini ikaima, ndipo pa galimoto yakale makaniko akhoza kudutsitsa waya wa 86 pa switchi yomva kupanikizika kwa oyilo, kapena pa switchi imene imadula magetsi galimoto ikawombana ndi chinthu. Mwini galimoto yonyamula anthu pakati pa Mchinji ndi Chipata ali ndi chifukwa chokwanira chofunsira ngati chitetezo chimenechi chaikidwa.

Thanki ikabwerera m'malo mwake, ngati pampu imayenda kiyi akangotsegulidwa, kiyiyo amatsegulidwa ndi kutsekedwa kangapo injini isanalizidwe kuti mpweya utuluke m'mapaipi, kenako makaniko amayeza magetsi pa pulagi ya pampu pomwepo iyo ikuyenda, n'kuyendera malumikizidwe onse kuona ngati pali podontha. Sefa yolekanitsa madzi ndi dizilo imasinthidwa tsiku lomwelo.