Makina a shockwave ndi ululu wokana kutha: dziwani musanalipire



Ntchito yathu ndi yodalira thupi. Khasu, chikwanje, makheni a kudimba, nkhafi, kukoka khoka, zonsezi zimatopetsa malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, mpaka mitsempha yolimba ija yolumikiza minofu ku mafupa imayamba kudandaula. Wina chidendene chimamubaya ngati waponda msomali akangodzuka m'bandakucha. Wina ndi chigongono, ngakhale ketulo kukanika kunyamula. Wina ndi phewa, dzanja osakweranso kupitirira mutu. Ululu ukadutsa miyezi itatu achipatala amauwerenga kuti ndi wamgonagona, ndipo imodzi mwa njira zimene a mafizo amathandizira ululu wotere ndi makina otchedwa shockwave. Tati tifotokoze za makinawa, kuti munthu asagulitse mbuzi kapena thumba la chimanga n'kukalipira chinthu chimene sakuchidziwa.

Si magetsi ayi

Ena akamva dzinali amaganiza kuti akagwidwa ndi magetsi. Si choncho. Magetsi amangoyendetsa makinawo, koma cholowa m'thupi ndi kugunda kwamphamvu koyenda ngati mafunde. Asodzi mukudziwa kuti mukamenya bwato ndi nkhafi, kugundako kumayenda m'madzi mpaka nsomba zili patali zimamva. Thupi lathu nalonso mbali yaikulu ndi madzi, ndiye kugundako kumadutsa pakhungu osalicheka, n'kukafika pamalo odwalawo.

Nzeru imeneyi inayambira mumzinda wa Munich ku Germany m'chaka cha 1980. Kampani ya Dornier, imene inkapanga ndege, inakonza makina ophwanya timiyala ta mu impso popanda kung'amba munthu. Pambuyo pake madokotala anaona kuti mafundewo akadutsa pafupa, fupalo limadzuka n'kuyamba kudzikonza. Ndiye m'zaka za m'ma 1990 anayamba kuyesa pa mafupa othyoka okana kulumikizana, kenako pa phewa, chigongono ndi chidendene. Ku America, bungwe la boma la FDA linavomereza makinawa pa ululu wa pansi pa chidendene m'chaka cha 2000.

Makinawa alipo a mitundu iwiri. Ena amasonkhanitsa mphamvu yonse pa kamalo kamodzi mkati ndithu mwa thupi. Ena ali ndi kachitsulo kamene mpweya umakakankha, kukamenya mutu wa chipangizo chogundika pakhungu, ndipo mphamvu yake imamwazikana chapafupi, osalowa kwambiri. Achiwiriwa ndi otsikirapo mtengo, n'chifukwa chake ndi amene a mafizo ambiri amakhala nawo.

Amathandiza bwanji?

Mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa imalandira magazi ochepa poyerekeza ndi mnofu, n'chifukwa chake ikavulala imachedwa kupola. Ili ngati nthaka yogangata imene mvula imangoyenda pamwamba. Mlimi amaitipula kuti madzi alowe. Makinawa nawo amachita ngati kutipula: amasokosera malo aja mwadala kuti thupi likumbukire kuti pali ntchito, timitsempha tatsopano ta magazi timere, kukonza kuyambirenso. Chachiwiri, amafooketsa timitsempha tonyamula uthenga wa ululu. Chachitatu, m'phewa mwa anthu ena mumaundana timibulu toyera ngati choko, timene timaoneka akajambula, ndipo kugundako kumathandiza kuti thupi litisungunule.

Pa tsiku lake wa mafizo amafufuza ndi chala malo enieni opweteka, amapakapo mafuta oterera, n'kugundikapo chipangizo. Chimalira kuti tatatata, kugunda pafupifupi ka 2,000, ndipo pa mphindi 5 mpaka 10 zatheka. Tisanamizane, zimamveka kuwawa, koma ndi kopiririka, ndipo mukanena amachepetsa mphamvu. Kawirikawiri munthu amapita kamodzi pa sabata, maulendo atatu mpaka asanu. Pamalopo pakhoza kufiira, kutupa pang'ono kapena kuchita dzanzi kwa masiku angapo. Phindu lake silibwera tsiku lomwelo. Ambiri amaona kusintha pakapita masabata 6 mpaka 12. Nthawi imeneyi a mafizo ambiri amalangiza kuti tisiye kaye mankhwala ochotsa kutupa monga bulufeni ndi indosidi, poti amazimitsa ntchito imene makina aja ayatsa. Panado alibe vuto.

Kodi amachizadi?

Apa m'pofunika kumvetsetsa. Pa phewa la timibulu tija, umboni wa kafukufuku ndi wolimbikitsa. Pa chidendene, anthu ambiri amene njira zina zawakanika amapezako bwino, koma osati onse. Pa chigongono umboni wake ndi wofooka: m'chaka cha 2005 gulu la akatswiri la Cochrane litasonkhanitsa zofufuza zimene zinalipo linapeza kuti phindu lake ndi lochepa kapena palibe. Ku Britain, bungwe la NICE lolangiza zipatala linanena m'chaka cha 2009 kuti pa chidendene ndi chigongono njirayi ilibe choopsa chachikulu, koma zotsatira zake n'zosiyanasiyana.

Tidziwenso kuti ululu wa chidendene, mwa anthu ambiri, umatha m'kati mwa chaka ndi njira zapafupi. N'chifukwa chake makinawa sakhala poyambira. Amabwera pamene munthu wayesa zinazo kwa miyezi ingapo koma osasintha. Ndipo si mankhwala a ululu uliwonse. Sabwezeretsa bondo limene latha ndi ukalamba, sachiza sitiroko, sachiza shuga. Wina akabwera ndi kamakina konjenjemera n'kumati kamachiza nthenda zonse, gwirani thumba lanu.

Amene sayenera

Makinawa sayenera kwa mayi woyembekezera, kwa amene akumwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, ndi kwa amene magazi awo savuta kutuluka koma amachedwa kuundana. Saikidwa pa chilonda, pa chotupa cha khansa, pachifuwa pamene pali mapapo, kapena pa mfundo za ana amene mafupa awo akukulabe. Amene muli ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda, kapena mwabayidwa posachedwa jekeseni wa steroid pamalo omwewo, nenani musanayambe.

Palinso ululu wina umene si wa khasu ayi. Msana ukamapweteka pamodzi ndi kuonda, kutentha thupi ndi thukuta la usiku, ikhoza kukhala TB ya mafupa. Mfundo ikatupa n'kutentha mwadzidzidzi, miyendo ikamafooka, mkodzo ukamatuluka wokha kapena kukanika kutuluka, kapena mapazi akamachita dzanzi muli ndi shuga, musatayenso nthawi ndi makina kapena kutema mphini. Pitani kuchipatala msanga akakuyezeni.

Zoyambira pakhomo

Pa chidendene, musanaponde pansi m'mawa gwirani zala za kuphazi n'kuzikokera chakumtunda kwa masekondi 10, kubwereza kakhumi. Masana yedzamirani khoma ndi manja, mwendo wodwala uli kumbuyo wowongoka, chidendene chili pansi, mpaka mumve katumba akukokeka. Madzulo gudubuzani botolo pansi pa phazi. Pewani kuyenda opanda nsapato pa nthaka youma, ndipo patapata akatha kuchidendene m'sinthe.

Pa chigongono ndi phewa, kulungani nsanza kapena mphira pa mpini kuti ukulepo, dzanja lisamafinye kwambiri. Nolani khasu ndi chikwanje, poti chobuntha chimadya mkono. Sinthanani mbali popalasa, gawani katundu pawiri, ndipo ntchito yolemera muziidula ndi kupuma. Kungogona osagwira chilichonse sikuchiritsa. Mtsempha umalimba ukamapatsidwa ntchito pang'onopang'ono, monga momwe timazoloweretsera ng'ombe yaing'ono pa goli. Ngakhale amene walandira shockwave amauzidwa kupewa ntchito yolemera kwa tsiku limodzi kapena awiri, kenako apitirize mafizo ake. Makina paokha, munthu n'kubwerera ku zomwe zinamuvulaza, ndalama zapita pachabe.

Musanalipire

A mafizo amapezeka m'zipatala zathu zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Yambirani kuchipatala chapafupi, akuyezeni ndi kukulemberani kalata ngati pafunika kutero. Makina a shockwave ndi odula, sapezeka paliponse, ndiye kumene mwawapeza funsani mafunso awa: Nthenda yangayi dzina lake n'chiyani? Amene akugwira makinawa anaphunzira za mafizo? Ndibwera kangati, ndipo mtengo wa maulendo onse pamodzi ndi zingati? Mundipatsa zotani zokachita kunyumba? Zikakanika tidzatani? Wodziwa ntchito yake sakwiya ndi mafunso amenewa.

Nthawi yabwino yosamalira zimenezi ndi pamene takolola, ntchito zapepuka, kuti mvula ikamadzagwa manja ndi mapazi akhale atapezako mphamvu.