Browser nayonso ili ndi boda yake

Inu a ku Mwanza mukudziwa bwino kuti thiraki yochokera ku Blantyre sidutsa pa boda ngati mphepo. Imaima pamzere, dalaivala n'kutsika ndi mapepala. A MRA amaona katundu, a zolowa ndi kutuluka m'dziko amadinda pasipoti, kenako ndiye ulendo wa ku Zobue ndi ku Tete, ena mpaka kukatulukira ku Nyamapanda, ku Zimbabwe. Msewu ndi umodzi womwewo, koma ukangodutsa malire, malamulo asintha.

Pa intaneti palinso malire otere, ndipo msilikali wake ali m'foni mwanumo. Ndi browser, pulogalamu ija mumatsegulira masamba a pa intaneti, kaya Chrome, Firefox kapena Opera. Lero tiona chifukwa chake browser imakaniza tsamba lina kuwerenga zinthu za tsamba linzake, komanso momwe masamba awiri ogwirizana amapatsirana chilolezo.

Vuto limayamba chonchi

Tiyerekeze kuti kalabu yanu ya sayansi yapanga tsamba loonetsa mtengo wosinthira kwacha ndi metikashi, kuti lithandize amayi ogulitsa manachesi komanso ochita malonda a m'malire. Manambalawo inu mulibe, ali pa tsamba la eni ake ena. Ndiye mukulemba kapulogalamu m'chiyankhulo cha JavaScript, kokhala ndi lamulo lotchedwa fetch, kuti kakatenge manambalawo n'kuwaika pa tsamba lanu.

Mukalemba adiresi ya manambalawo nokha pamwamba pa browser, akubwera bwinobwino. Koma kudzera pa tsamba lanu, zii. Mukadina F12 pa kompyuta n'kupita pomwe palembedwa Console, mupeza mawu ofiira akuti blocked by CORS policy.

Ambiri apa amathamangira kunena kuti netiweki yavuta kapena bandulo yatha. Ayi ndithu. Paja m'kalasi tinati kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi. M'kati mwa nthambo ya fibre kumachepako liwiro, n'kufika pafupifupi makilomita 200,000 pa sekondi. Choncho pempho lanu linapita kalekale ndipo yankho linabwera. Browser ndi imene yaligwira pachipata n'kukana kulipereka ku kapulogalamu kanu.

Kwawo kwa tsamba

Browser imafunsa funso limodzi: tsamba ili kwawo n'kuti? Akatswiri amati origin, ndipo imapangidwa ndi zinthu zitatu. Choyamba ndi njira yolankhulirana, http kapena https. Chachiwiri ndi dzina lonse la tsambalo. Chachitatu ndi nambala ya khomo lolowera pa seva, yomwe nthawi zambiri sitiyiona: 80 pa http, 443 pa https.

Zitatuzi zikafanana, masambawo ndi a pakhomo limodzi. Chimodzi chokha chikasiyana, basi, ndi alendo. Titenge adiresi yongoyerekeza, https://sukulu.mw. Tsamba la https://sukulu.mw/mayeso ndi la pakhomo lomwelo, poti zobwera pambuyo pa kamzere kopendekeka siziwerengedwa. Koma http://sukulu.mw ndi mlendo, chifukwa chilembo cha s palibe. Nalonso https://mayeso.sukulu.mw ndi mlendo, ngakhale mwini wake ndi mmodzi yemweyo. Browser siidziwa za chibale, imangoona zimene zalembedwa pa chiphaso.

N'chifukwa chiyani nkhanza zonsezi?

JavaScript inapangidwa ndi Brendan Eich mu 1995 ku kampani ya Netscape, ndipo lamulo lotchedwa same-origin policy linayambira mu browser ya kampani yomweyo. Chimene ankaopa ndi ichi.

Mukalowa pa tsamba la banki kapena la imelo n'kulemba mawu achinsinsi, seva imapatsa browser yanu kachizindikiro kotchedwa cookie. Kali ngati kapepala kodindidwa kosonyeza kuti munthu uyu tamuona kale. Mukadina china chilichonse pa tsambalo, browser imaonetsa kapepalako, ndiye simufunsidwanso mawu achinsinsi.

Tsopano taganizani kuti bambo anu ali pa tsamba la banki, ndipo mbali inayi atsegula linki imene wina watumiza pa WhatsApp, yolonjeza bandulo yaulere. Pakanapanda lamuloli, kapulogalamu kobisika pa tsamba lachinyengolo kakanauza browser kuti ipite ku banki, itenge ndi cookie ija, ikafunse ndalama zotsala ndi mndandanda wa omwe alipiridwa. Banki ikanayankha poganiza kuti ndi bambo anu, wakubayo n'kuwerenga zonse. Fizi yanu ya teremu yamawa ili momwemo.

Muonetsetse chinthu chimodzi apa. Lamuloli kwenikweni limaletsa kuwerenga. Tsamba lanu likhoza kuonetsa chithunzi chochokera kwina, kapena kuika kanema wa pa YouTube, browser osakana. Chomwe imakana n'chakuti kapulogalamu kanu katsegule yankho la tsamba lina n'kuona zam'kati.

Chilolezo chimachokera tsidya linalo

Komatu masamba ambiri a masiku ano amayenera kugawana zinthu. Kampani imodzi ikhoza kukhala ndi tsamba loonekera kwa anthu pa adiresi ina, nkhokwe ya zinthu zake n'kukhala pa adiresi inanso. Njira yovomerezeka yowalumikizira ndi CORS, chidule cha Cross-Origin Resource Sharing, yomwe bungwe la W3C linakhazikitsa mu Januwale 2014. Imayenda motere.

Browser ikamatumiza pempho, imalembapo kumene lachokera:

Origin: https://sukulu.mw

Seva ya tsidya linalo ikafuna kugawana nanu, imaika mzere uwu pa yankho lake:

Access-Control-Allow-Origin: https://sukulu.mw

Browser imafananiza ziwirizo. Zikagwirizana, imapereka yankho ku kapulogalamu kanu. Mzerewo ukasowa, kapena pakalembedwa adiresi ina, mawu ofiira aja ndi amenewo. Seva yofuna kugawira aliyense imaika kanyenyezi, *, m'malo mwa adiresi.

Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amataya nthawi. Amasintha JavaScript yawo usiku wonse, pomwe chilolezo sichili m'manja mwawo. Wopereka chilolezo ndi mwini zinthu. Simungadzidindire nokha pasipoti.

Palinso mapempho ena oopsa kuposa kungowerenga, monga ofuna kufufuta kapena kusintha zinthu ndi malamulo a DELETE ndi PUT. Pa amenewa browser siyamba yatumiza pempho lenilenilo. Imatsogoza kafunso kakang'ono ka mtundu wa OPTIONS, komwe amakatcha preflight, kofunsa ngati tsamba lakutilakuti likuloledwa kuchita chakutichakuti. Zili ngati ejenti kutsogoza mapepala katundu asanafike pa boda. Seva ikakana, pempho lenileni silinyamuka n'komwe.

Nanga cookie? Pamenepa malamulo ndi okhwima kwambiri. Kuti yankho la pempho lokhala ndi cookie liwerengedwe, seva iyenera kutchula adiresi yanu yeniyeni, osati kanyenyezi, n'kuwonjezera mzere wa Access-Control-Allow-Credentials: true.

Eni ake akapanda kulola

CORS isanafale, anthu ankadutsira njira zachidule. Yotchuka inali JSONP, imene Bob Ippolito anafotokoza mu 2005. Inkapezerapo mwayi poti browser imalola tsamba kutenga pulogalamu kuchokera kwina. Kuipa kwake, mumakhala mukuyendetsa pulogalamu ya munthu wina m'nyumba mwanu musanaione. N'chifukwa chake masiku ano anaisiya.

Njira yabwino ndi yodzera pa seva yanu. Lamuloli limagwira ntchito mu browser mokha, seva ndi seva zimalankhulana popanda chotchinga chimenechi. Choncho seva ya kalabu yanu ikhoza kukatenga manambala aja, tsamba lanu n'kuwatenga pakhomo pomwepo. Koma muyambe mwawerenga ngati eni ake amalola kugwiritsa ntchito zinthu zawo.

Zimenezi zikutiphunzitsanso kuti CORS si loko wa pa seva. Zinthu zachinsinsi zimafunikabe mawu achinsinsi. Komanso lamuloli silingakutetezeni ngati mwalemba nokha PIN ya Airtel Money kapena Mpamba pa tsamba lachinyengo. Pamenepo palibe malire amene adumphidwa, mwapereka ndi manja anu. Ndipo mukaona malangizo akuti ikani kapulogalamu kozimitsa CORS mu browser, musatero pa foni kapena kompyuta imene makolo anu amalowera ku banki.

Tayesani nokha

Mukapeza mpata pa kompyuta ya kusukulu, tsegulani https://example.com, dinani F12, pitani pa Console n'kulemba mzere uwu:

fetch("https://www.google.com").then(y => console.log(y.status))

Muona mawu ofiira. Kenako lembani uwu:

fetch("https://api.github.com").then(y => console.log(y.status))

Apa pabwera nambala 200, kutanthauza kuti zatheka. Tsegulani gawo la Network, dinani pempho lachiwirilo, mufufuze mzere umene wachititsa kusiyanaku. Mukaupeza, yankhani funso ili mu kope lanu: n'chifukwa chiyani GitHub ikhoza kuika kanyenyezi pa zinthu zimenezo popanda mantha, pomwe banki singayerekeze kulola tsamba lililonse kuwerenga za akaunti ya munthu?