Timabowo Timene Timathandiza Kupanga Gasi Wophikira

Anzanga a Fomu 3 ndi 4, mu Chemistry munamva kuti catalyst imafulumizitsa reaction koma iyoyo siitha. Lero ndikuuzeni za catalyst ina imene imagwira bwino ntchito ikakhala ndi timabowo.

Mu 1902, asayansi a ku France, Paul Sabatier ndi Jean-Baptiste Senderens, anaonetsa kuti carbon dioxide ikakumana ndi hydrogen pa nickel wotentha imasanduka methane ndi madzi: CO₂ + 4H₂ → CH₄ + 2H₂O. Methane ndi gasi uja amayaka mu biogas.

Koma CO₂ ndi wamakani, salola kuphwanyidwa wamba. Nthawi zambiri pamafunika kutentha kwa 300 mpaka 400°C. Komanso nickel sayikidwa yekha. Amamuwaza m'tizidutswa ting'onoting'ono pa ufa wina wotchedwa support, kuti tisaunjikane pamodzi.

Ndiye support ndi mkeka chabe? Ayi ndithu. Tiyeni titenge ceria, CeO₂. Pamwamba pake ma atomu ena a oxygen amachoka n'kusiya timabowo totchedwa oxygen vacancies. Ine ndimatifanizira ndi maenje a bawo: pa thabwa losalala timiyala timangogubuduzika, koma m'dzenje timakhazikika. CO₂ akafika, oxygen wake mmodzi amalowa m'kabowo, molecule n'kupindika, bond n'kufooka. Pambali pomwepo nickel amakhala atagawa kale H₂, ndipo ma atomu a hydrogen amamalizitsa ntchito. N'chifukwa chake nickel wa pa ceria amayamba kutulutsa methane pa kutentha kocheperako kusiyana ndi wa pa alumina.

Zikutikhudza bwanji ife a ku Zomba? Cerium ali m'gulu la rare earths, miyala yomwe ikupezeka ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe, ndipo likulu la Geological Survey lili m'tauni mwathu muno. Kwinaku matumba a makala akutsika m'phiri tsiku ndi tsiku, mitengo yoteteza madzi a Mulunguzi n'kumatha. Biogas ikanachepetsako vutoli, koma gawo lake lina ndi CO₂ wosayaka. Atasandutsidwa methane, ndowe zomwezo zingaphike miphika yambiri.

Chovuta n'chakuti hydrogen amapangidwa pogawa madzi ndi magetsi ambiri, omwe kuno ndi osowa. Catalyst yosafuna kutentha kwambiri imapulumutsako mphamvu, ndiye chifukwa chake asayansi akulimbana ndi kuwerenga ndi kuchulukitsa timabowoti.