Atelala ndi bulauzi ya m'chilimwe

Okutobala akafika, dzuwa n'kuyamba kuswa mtengo, makina osokera sapuma m'makonde a masitolo ku Limbe, ku Salima ndi ku Mangochi. Ino ndi nyengo ya zinkhoswe ndi maukwati, ndipo pa 15 pali Tsiku la Anakubala. Amayi ndi atsikana amafika ndi nsalu m'manja, ambiri akufuna bulauzi yopepuka, yolowa mphepo, yokhala ndi makwinya m'khosi.

Atelala ali m'magulu angapo. Alipo apakhonde, amene amalipira mwini sitolo kuti aikepo makina opalasa ndi mapazi, monga Singer kapena Butterfly. Makina amenewa amakondedwa chifukwa magetsi akazima ntchito siima. Alipo amayi osokera pakhomo, amene makasitomala awo ndi anansi ndi anzawo akumpingo. Alipo achinyamata amene atsegula mashopu m'tauni, okhala ndi makina amagetsi ndi ovaloko, otsatsa zovala zawo pa Facebook ndi WhatsApp. Ena anaphunzira m'sukulu zaluso zoyang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1999, koma ochuluka anaphunzira pambali pa telala wamkulu, kuyambira kuika mabatani ndi kusita ndi simbi yamakala mpaka tsiku lopatsidwa sizasi.

Luso la telala limaonekera m'khosi mwa bulauzi. Nsalu yathonje imafuna kuchapidwa isanadulidwe, apo ayi imafupika ikatha kusokedwa. Chitenje chatsopano chimakhala cholimba, choncho wodziwa ntchito amalangiza kasitomala kusankha nsalu yofewa kuti makwinya agwe bwino. Akayeza chifuwa, mapewa ndi khosi, amadula kansalu kotalika kuwirikiza kawiri muyeso wa khosilo. Mbali imodzi amaipinda mochepa kwambiri, inayo amasokapo mizere iwiri ya ulusi wotayana. Kenako amakoka ulusiwo pang'onopang'ono ndi zala, n'kumagawa makwinya kuti asaunjikane mbali imodzi. Pomaliza amatchinga msoko ndi kansalu kodulidwa mopendekera, kamene kamatha kutsata kuzungulira kwa khosi popanda kukwinyika. Akafulumira apa, khosi limayasama kapena kukanda khungu, ndipo kasitomala sabweranso.

Ntchitoyi ili ndi zopinga. Kaunjika wadzaza misika, ndipo bulauzi yochokera kunja nthawi zambiri imatsika mtengo kuposa nsalu yokha. Thonje timalima ku Chikwawa, Balaka ndi Salima, ndipo fakitale ya David Whitehead and Sons ku Blantyre, imene inagulidwa ndi Mapeto mu 2003, inaveka anthu kwa zaka zambiri. Komabe nsalu zochuluka za m'misika lero n'zoitanitsa, ndiye kwacha ikagwa, ulusi, zipi ndi singano zimakwera. Makasitomala ena amasiya nsalu osapereka kangachepe koyambira, ena osabwera kudzatenga chovala. Kuwerama tsiku lonse kumapweteka msana, ndipo maso amatopa msanga.

Atelala akadalipo chifukwa kaunjika sayeza munthu. Wabere lalikulu, wamapewa aang'ono, mayi woyamwitsa, aliyense amapeza chomukwana kwa telala yekha, ndipo ngakhale chovala chapakaunjika chimadzera kwa iye kuti achichepetse. Tikamanenerera mtengo, tizikumbukira maola amene amathera pa khosi limodzi lokha, ndipo tiziwalipira molingana ndi ntchito yawo.